Mmene mungadziwire kuti khobidi linalakwika posula, osati kuwonongeka m'manja mwa anthu

Makobidi ambiri amene anthu amathamanga nawo kuti ndi olakwika kufakitale sakhala olakwika n'komwe. Lina linapondedwa ndi galimoto, lina linakhalitsa m'dothi mpaka kudyeka, lina wina anangoliseweretsa ndi nyundo kapena asidi. Kwa anthu osonkhanitsa ndalama zachitsulo, ziwirizi n'zotalikirana kwambiri. Khobidi lomwe linatuluka m'makina lili lopunduka kale amalisakasaka, koma lomwe linavulala litadutsa kale pageti la fakitale amangoliona ngati chitsulo chowonongeka, ngakhale lioneke lodabwitsa chotani.

Choncho kudabwitsa kwa maonekedwe si umboni. Umboni ndi woti muthe kuloza malo enieni pa ntchito yosula pomwe chinthucho chikanachitikira. Malowo ndi atatu basi: pokonza kachitsulo kodzadindapo, pokonza chidindo, ndi pa nthawi yodinda. Zimene mukuona zikakana kulumikizana ndi amodzi mwa malo atatuwa, khobidilo linapwetekedwa kunja.

Choyamba: dziwani njira imene chitsulo chimadutsa

Ku fakitale yosula ndalama, kaya ndi Royal Mint ya ku Llantrisant m'dziko la Wales kapena mafakitale a boma la America ku Philadelphia ndi ku Denver, chitsulo chimayamba chili chopyapyala, chachitali, chokulungidwa. Makina amachiboola n'kutulutsamo tizitsulo tozungulira. Tizitsulo timeneti amatiwotcha kuti tifewe, amatitsuka, kenako amatidutsitsa m'makina ena amene amatifinya m'mphepete kuti kuzungulira konse kutumphuke mkombero. Kakafika apa, kachitsuloko amakatcha planchet. Kamakhala kosalala uku ndi uku, kopanda chilembo chilichonse.

Kwinaku amakhala akukonza zidindo. Chithunzi chimayamba chili pa chitsulo cholimba chotchedwa hub, chili chotumphuka monga momwe chidzaonekere pa khobidi. Hub ija amaikanikiza mwamphamvu pa chitsulo china chofewetsedwa, ndipo chimene chimatuluka ndi chidindo, chomwe chithunzi chake n'chokumbika komanso chotembenuka. Chidindo chimodzi chimadinda makobidi masauzande ambirimbiri chisanathe ntchito.

Podinda, kachitsulo kaja kamagwera mu mphete yolimba yotchedwa kolala. Zidindo ziwiri, cha kumutu ndi cha kumbuyo, zimakapana ndi mphamvu ya matani ochuluka, mwakuti chitsulocho chimayenderera, n'kudzaza timaenje tonse ta zidindo, n'kufutukuka mpaka kugunda kolala. Kolalayo ndi imene imasunga kukula kwa khobidi, ndiponso ndi imene imasindikiza timano ta m'mphepete pa makobidi okhala ndi timano. Makina ena amadinda makobidi 750 pa mphindi imodzi. Palibe diso la munthu lingaone lililonse, n'chifukwa chake ena olakwika amapulumuka, ngakhale kuti masefa ndi makina owerengera amagwira ambiri mwa opindika ndi okula mopitirira.

Ganizirani chidindo cha mu ofesi. Chikang'aluka, kalata iliyonse yodindidwa nacho imatuluka ndi mng'alu womwewo pamalo omwewo. Koma dzanja la wodinda likangoterereka, kalata imodzi yokhayo ndi imene imaipa. Pa makobidi zilinso chimodzimodzi. Vuto la pa chidindo limabwerezabwereza pa makobidi ambiri ofanana ndendende, pomwe vuto la kachitsulo kapena la podinda limagwera khobidi limodzilimodzi, lililonse mwa mtundu wake. Mfundo imeneyi tidzaifunanso kumapeto.

Chachiwiri: konzani zida, ndipo musalitsuke

Mufunika galasi lokuzira zinthu kasanu mpaka kakhumi, sikelo yoyeza mpaka 0.01 ya galamu, maginito, caliper yoyezera kukula ndi kuchindikala, ndi nyali imodzi yoti muzitha kuipendeketsa. Koma chida choposa zonsezi ndi khobidi lina labwinobwino la dziko lomwelo, mtundu womwewo, chaka chomwecho. Popanda loyerekezera, munthu amaona zachilendo paliponse.

Khobidi ligwireni m'mphepete, zala zisakhudze pankhope pake. Musalipukute, musalikweche, musaliviike m'mankhwala. Kunyezimira kwa kufakitale ndi umboni womwe tidzaudalira kangapo m'munsimu, ndipo kukachoka sikubwereranso.

Chachitatu: liyezeni musanaliyang'anitsitse

Anthu ambiri amayamba ndi galasi. Ine ndimati yambani ndi sikelo, chifukwa sikelo ilibe chiyembekezo choti mwatola chuma. Kudinda sikuchotsa chitsulo ndipo sikuwonjezera, kumangochisuntha. Ndiye khobidi lomwe linalakwika podinda kapena chifukwa cha chidindo liyenera kulemera monga anzake. Likapepuka kapena kulemera mopitirira, pali zinthu ziwiri: mwina kachitsulo kake kanali kolakwika, mwina wina analipala, analidula kapena analikutira ndi chitsulo china.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi senti ya ku America ya 1943. Chaka chimenecho kopa ankafunika ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndiye masenti anawasula ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi zinki, cholemera magalamu 2.7. Koma tizitsulo tochepa ta mkuwa totsala chaka chapitacho tinalowa m'makina n'kudindidwa deti la 1943. Senti yotereyi imalemera magalamu 3.11 ndipo maginito saikoka. Abodza alipo ambiri. Ena amatenga yachitsulo n'kuipaka kopa, koma imeneyi maginito amaikoka nthawi yomweyo. Ena amatenga ya 1948 n'kupala theka la 8 kuti ioneke ngati 3, ndipo imeneyi imapambana mayeso a maginito ndi a sikelo omwe. Apa mpofunika loyerekezera lija: 3 weniweni wa 1943 ali ndi mchira wautali wotsikira pansi, pomwe 3 wochokera ku 8 amakhala wobulungira, wamfupi.

Zoterezi zimakonda kuchitika pamene dziko likusintha chitsulo cha ndalama zake. Mu 1965 America inasiya siliva pa ndalama za masenti 10 ndi 25, ndipo zilipo zochepa za deti la 1965 zomwe zinadindidwa pa siliva wotsala. Ya masenti 10 ya siliva imalemera magalamu 2.5, yatsopano pafupifupi 2.27. Mu 1982 senti inasintha kuchoka pa magalamu 3.11 kufika pa 2.5, ndipo masenti a 1983 olemera 3.11 anapezekapo.

Kachitsulo ka ndalama ina kakhozanso kusochera n'kulowa m'makina a ndalama ina. Senti yodindidwa pa kachitsulo ka masenti 10 imakhala yoyera, yolemera 2.27, ndipo zilembo za m'mbali zimaduka chifukwa chitsulo chinachepa. Lamulo lake n'losavuta: kachitsulo kakang'ono kangalowe mu kolala yaikulu, koma kakakulu sikangalowe mu yaing'ono. Kulemera kwakenso kuyenera kufanana ndi kwa ndalama ina imene fakitale yomweyo inkasula nthawi imeneyo. Mtundu wokha usakunyengeni, poti kupaka khobidi golide kapena siliva ndi ntchito yomwe ngakhale ana asukulu amaichita pophunzira sayansi.

Makobidi ena amapangidwa ndi zitsulo zosanjikiza, kopa pakati, choyera kunja. Chakunjacho chikakhala kuti sichinamatirire n'kugwa asanadinde, mbali imodzi imatuluka yofiira, inayo yoyera, ndipo khobidilo limapepuka ndi kupyapyala. Lomwe lada bii mbali zonse koma kulemera kwake kuli bwino ndi loti linagona m'dothi. Palinso kusupuka kwa chitsulo, pomwe kachikhungu kamakanganuka pankhope chifukwa cha mpweya kapena zinyalala zimene zinalowa posungunula. Kumapezeka kawirikawiri pa ndalama za masenti 5 za ku America za 1942 mpaka 1945, zomwe zinasakanizidwa ndi siliva ndi manganese.

Nanga khobidi lopyapyala kwambiri, lopepuka, laling'ono kuposa anzake, koma chithunzi chonse chikuoneka mwachimbuuzi? Limenelo ndi la asidi. Asidi amadya paliponse mofanana, ndiye chithunzi chimatsala. Likanakhala kuti kachitsulo kanali kopyapyala kuchokera pachiyambi, kukula kwake kukanakhala kwabwinobwino, ndipo malo otumphuka kwambiri sakanadindika chifukwa chitsulo chikanaperewera kudzaza chidindo.

Chachinayi: zungulirani mkombero ndi m'mphepete

Khobidi lobenthuka m'mbali ngati lalumidwa limachitika pamene makina oboola aboola pomwe anaboola kale, kapena kumathero kwa chitsulo. Koma aliyense wokhala ndi chodulira akhoza kupanga lofanana nalo, ndiye yang'anani zinthu zitatu. Mkombero ukamayandikira pobenthukapo uyenera kumka nuzimiririka pang'onopang'ono, osati kuduka mwadzidzidzi. Zilembo zoyandikira pamenepo ziyenera kuoneka zofooka ndi zokokekera kubenthuko, chifukwa chitsulo chinkathawira kumeneko podinda. Chachitatu chili mbali inayo, moyang'anizana ndi pobenthukapo: mkombero umakhala wofooka kapena wophwatalala. Chimachititsa ndi makina ofinya mkombero aja, omwe amasowa pokankhira akafika pamalo opanda chitsulo. Osonkhanitsa amachitcha Blakesley effect. Sichioneka pa makobidi onse obenthuka, makamaka obenthuka kwambiri, koma chikaoneka ndi umboni wamphamvu, poti wodula ndi chida saganiza zokafooketsa mbali inayo.

Kolala ikalephera kukwera, khobidi limadindidwa lopanda chotchinga. Limatuluka lotambalala kuposa anzake, lopanda timano, koma chithunzi chonse chilipo. Kachitsulo kakagwera pambali, gawo lina la chithunzi limasowa ndipo pamatsala malo osadinda ooneka ngati mwezi watsopano. Malo amenewo ayenera kukhala mbali zonse ziwiri, pamalo amodzimodzi, ndipo timano sitikhalapo. Mukapeza kuti mbali imodzi yokha ndi imene yasendera pang'ono, inayo ili pakati bwinobwino ndipo timano tilipo, ndiye kuti chidindo chimodzi chinamangidwa mokhota. Zimenezo n'zofala ndipo sizisangalatsa anthu ambiri. Pa makobidi osenderawa, osonkhanitsa amakonda lomwe deti lake likuwerengeka.

Pali mtundu wina umene umapusitsa anthu chaka ndi chaka: khobidi lochepa kukula, la mkombero wonenepa wopindikira mkati, m'mphepete mosalala. Limeneli linakodwa m'makina oumitsira zovala n'kumagubuduzika mmenemo, kapena wina ankaligogoda m'mphepete pofuna kupanga mphete. Dzifunseni funso lathu lija. Podinda chitsulo chimafutukuka mpaka kugunda kolala, ndiye palibe njira yoti khobidi lolemera bwinobwino lituluke laling'ono kuposa kolalayo.

Zilembo za m'mphepete zili ndi nkhani yakeyake chifukwa nthawi zambiri zimalembedwa ndi makina ena. Pa madola a 2007 a chithunzi cha George Washington, chaka ndi mawu akuti IN GOD WE TRUST ankalembedwa m'mphepete khobidi litadindidwa kale, ndipo ambiri anadumpha makinawo n'kutuluka osalemba. Achinyengo anayamba kupala zilembozo ndi tupa, koma lopalidwa limapepuka ndi kuchepa kukula. Pa ndalama ya mapaundi awiri ya ku Britain, zilembo za m'mphepete zimalembedwa asanadinde nkhope, ndipo kachitsulo kamagwera m'makina mulimonse. Choncho zilembo zozondoka pamenepo si cholakwika ayi, ngakhale otsatsa pa intaneti azichemerera.

Chachisanu: litembenuzeni

Dziko lililonse lili ndi kakhalidwe kake ka mbali ziwirizi. Khobidi la ku America mukalitembenuza kuchokera pamwamba kupita pansi, kumbuyo kumaima chilili. La ku Britain ndi la euro limaima bwino mukalitembenuza kuchokera kumanzere kupita kumanja. Yesani kaye ndi loyerekezera, kenako linalo. Kumbuyo kukapendama, chidindo chimodzi chinamasuka n'kuzungulira. Zinachitikapo pa ndalama ina ya mapaundi awiri ya 2015 ya chithunzi cha Britannia, mkazi woimira dziko la Britain, pomwe mutu wa Mfumukazi Elizabeth unatuluka pafupifupi chadodolido. Kupendama kwa pang'ono kokha n'kwa masiku onse.

Mukadali pomwepo, onani ngati mbali ziwirizo n'zapachibale. Nthawi zina wantchito amamanga zidindo ziwiri zosayenera kukhalira pamodzi, ndipo khobidi lotere amalitcha mule. Mu 2008 Britain inasintha zithunzi za ndalama zake n'kusamutsa deti kuchoka kumbuyo kupita kumutu. Pa ndalama ya mapeni 20, chidindo chakale cha kumutu, chopanda deti, chinakumana ndi chatsopano cha kumbuyo, chopandanso deti, ndipo makobidi osapitirira 250,000 akuti anatuluka opanda chaka konse. Mu 2000 ku Philadelphia, mutu wa Washington wa pa masenti 25 unakumana ndi chiwombankhanga cha kumbuyo kwa dola yokhala ndi chithunzi cha mayi wotchedwa Sacagawea. Chaka chomwecho ku Australia, chidindo cha kumutu cha masenti 10 chinadinda dola, ndipo poti n'chocheperapo, mkombero umaoneka wapawiri. Mu 1967 masenti awiri a New Zealand anatuluka ndi mbali ya kumutu ya ndalama ya ku Bahamas, poti onse ankasulidwa ku Royal Mint.

Khobidi la mitu iwiri lokha musalikhulupirire msanga. Pafupifupi onse otere ndi a anthu ochita masewera opusitsa maso: amakumba khobidi limodzi n'kulowetsamo lina lopalidwa. Yang'anani mzere wolumikizira mkati mwa mkombero, liyezeni, ndipo muligwetse pang'ono pathebulo. Kulira kwake kumakhala kogontha.

Chachisanu ndi chimodzi: tsopano tengani galasi

Pendeketsani nyali kuti kuwala kudzere m'mbali, ndipo pa chilichonse chachilendo funsani kaye ngati n'chotumphuka kapena chokumbika. Chidindo n'chotembenuka, ndiye chokumbika pa chidindo chimatumphuka pa khobidi. Mng'alu wa chidindo umaoneka ngati kamzere kotumphuka, kokhotakhota, kodutsa pamwamba pa zilembo ndi chithunzi mosasankha. Kukalika kwa kunja kumalowa mkati, ndipo m'mbali mwake mumakhala timizere ta chitsulo chokankhidwa, nthawi zina mkati mwake mukuwala kuposa pena ponse.

Chidutswa cha chidindo chikabenthuka m'mbali, chitsulo chimathamangira m'dzenjemo n'kupanga chotupa chosalala chogundana ndi mkombero, chomwe amati cud. Litembenuzeni khobidilo. Kuseri kwa chotupacho chithunzi chiyenera kukhala chofooka, chifukwa chitsulo chinapita kukadzaza dzenje lija. Kuseriko kukakhala kwakuthwa bwinobwino, chotupacho mwina ndi guluu kapena mtovu wowotcherera.

Chilembo chosowa ndi nkhani ina. Girisi wosakanikirana ndi fumbi la chitsulo amatha kudzaza chilembo cha pa chidindo, chitsulo n'kulephera kulowamo. Ndalama ina ya masenti 25 ya 2005 ya chigawo cha Kansas ku America inatchuka chifukwa T woyamba wa mawu akuti TRUST anatsekeka motero. Pamalo posowa chilembopo payenera kukhala posalala, ponyezimira mofanana ndi pozungulira, popanda timikwingwirima. Popalidwa ndi munthu pamakhala kadzenje kapena timizere tolowera mbali imodzi.

Zidindo zikagundana zokhazokha popanda kachitsulo pakati, chilichonse chimasiya chipsera pa chinzake, ndipo makobidi otsatira amakhala ndi mthunzi wa chithunzi cha mbali inayo. Mthunziwo umaoneka pamalo athyathyathya, sukwera pamwamba pa mutu kapena zilembo, chifukwa malo athyathyathya a khobidi ndiwo malo okwera a chidindo, omwe amayamba kugunda. Antchito akaona zimenezi amapala chidindo kuti chipsera chichoke, ndipo nthawi zina amapitiriza muyeso. Ku Denver mu 1937 anapala chidindo cha masenti 5 mpaka mwendo wakutsogolo wa njati unazimiririka, chiboda chokha n'kutsala pansi. Poti kupala mwendo pa khobidi wamba n'kosavuta, odziwa sayang'ana mwendo wosowawo wokha. Amayang'ana mwendo wakumbuyo, womwe pa lenileni umaoneka wodyekadyeka, ndi kamzere ka timadontho totumphuka kotsika pansi pa mimba ya njatiyo. Wopala ndi tupa angachotse chitsulo, koma kuwonjezera timadontho sangathe.

Chachisanu ndi chiwiri: zilembo zooneka pawiri

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa, ndiye tichedwepo. Kuoneka pawiri kuli mitundu itatu, ndipo umodzi wokha ndi umene osonkhanitsa amaufuna.

Woyamba umabadwira pa chidindo. Kale hub ankaikanikiza pa chidindo kangapo, akumachiwotcha pakati kuti chifewe. Ulendo wachiwiri zikapanda kukhalirana ndendende, chidindo chinkatenga zithunzi ziwiri zosemphana pang'ono, ndipo khobidi lililonse lodindidwa nacho linkatuluka ndi zilembo zapawiri. Amati doubled die. Lotchuka ndi senti ya 1955 ya ku Philadelphia, yomwe deti ndi mawu akuti LIBERTY amaoneka pawiri ngakhale popanda galasi. Akuti pakati pa 20,000 ndi 24,000 ndi amene analowa m'manja mwa anthu. Zinachitikanso mu 1969 ku San Francisco, mu 1972 ndi mu 1995. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mafakitale a America anayamba kukanikiza hub kamodzi kokha, ndipo kupawiri kwakukulu koteroko kunachepa kwambiri.

Wachiwiri umachitika podinda, pamene chidindo chomasuka chanjanja kapena kutsetsereka pang'ono chikunyamuka, n'kumeta mbali ya chilembo chomwe changodindidwa kumene. Wachitatu ndi wa chidindo chotopa, chomwe m'mbali mwa zilembo zake mwadyeka. Iwiri yomalizayi ndi yofala kwambiri.

Ikani chilembo chimodzi pansi pa galasi, tinene L kapena 9, nyali ili chapambali. Pa doubled die weniweni mudzaona zilembo ziwiri zonse zobulungira pamwamba, zotalika pafupifupi mofanana, pakati pawo pali kampata. Kunsonga kwa chilembo kumakhala kogawikana pawiri, ndipo chilembo chonse chimaoneka chonenepa kuposa cha pa loyerekezera. Pa kunjanja kwa makina, chachiwiricho chimakhala chathyathyathya, chotsika, chonga kasitepe kowala m'mbali mwa chilembo, ndipo chilembo chenichenicho chimaonda chifukwa kasitepeko kanametedwa kuchokera pa icho. Nsonga sizigawikana. Pa chidindo chotopa, mthunzi wake umakhala wosalongosoka, wolowera kumkombero mbali zonse, ndipo malo athyathyathya amakhala okhakhala.

Pa makobidi akale a ku America pali poyesera pena pabwino. Mpaka 1989, kachilembo kosonyeza fakitale, monga S wa San Francisco kapena D wa Denver, ankakakhomera pa chidindo ndi manja hub itachoka kale. Ndiye pa senti yeniyeni ya 1969 ya doubled die, deti limaoneka pawiri koma S ali yekha. Mukaona S nayenso ali ndi kasitepe kolowera mbali yomweyo ndi deti, ndi makina ananjanja. Kukhomera ndi manja komweko n'kumene kunkabweretsa kachilembo ka fakitale kokhomedwa kawiri, kapenanso kosowa, monga pa masenti 10 ena a 1982 omwe anatuluka opanda P wa Philadelphia.

Ndionjezere kuti khobidi lomwe mukufunika makina okuza kambirimbiri kuti muone kupawiri kwake nthawi zambiri silisuntha mtima wa wogula. Galasi la kakhumi likalephera kuonetsa, ine ndimalibweza m'gulu la anzake.

Chachisanu ndi chitatu: chithunzi pamwamba pa chithunzi

Khobidi likalephera kutuluka m'makina n'kudindidwanso, chithunzi chachiwiri chimakhala chotumphuka ndipo zilembo zake zimawerengeka molunjika, chifukwa chinachokera ku chidindo. Choyamba chimaphwatalala pomwe chachiwiri chinagwera. Koma khobidi likamatirira pa chidindo, limasanduka chidindo lokha. Kachitsulo kotsatira kamalandira mbali imodzi yabwinobwino, yakuthwa, ndipo mbali inayo chithunzi chomwecho chokumbika ndi chotembenuka. Limeneli amati brockage.

Anthu amayesa kutsanzira zimenezi popanikiza makobidi awiri mu vaisi, chitsulo chopanira zinthu, kapena kuwamenya ndi nyundo. Zotsatira zake zimadziulula zokha. Zilembo zotembenuka ndi zokumbika zimakhala pamwamba pa chithunzi chabwinobwino chomwe chinalipo kale, mkombero umaphwanyika, ndipo mbali inayo imakhala yophwatalala pomwe inatsamira chitsulo cha vaisi. M'makina osulira, mbali imeneyo ikanakhala itatsamira chidindo, ndipo ikanatuluka yakuthwa.

Chomaliza: funani mapasa ake, kenako funsani odziwa

Bwererani ku mfundo ya chidindo cha mu ofesi ija. Ngati mwaona kuti vuto ndi la chidindo, monga doubled die, cud, mule kapena kupala kopitirira, payenera kukhala makobidi ena ofanana nalo ndendende. Magulu a osonkhanitsa, monga CONECA ku America, amasunga mindandanda ndi zithunzi za zidindo zodziwika. Musangofananitsa cholakwika chachikulucho. Fananitsaninso tizizindikiro tating'ono ta chidindo chimenecho: kamng'alu pakona, kadontho pafupi ndi deti, malo enieni pomwe pakhala kachilembo ka fakitale. Chimodzi chikasemphana, si chidindo chomwecho. Ngati vuto ndi la kachitsulo kapena la podinda, mapasa simuwapeza, ndipo umboni wanu ndi kulemera, kukula ndi mmene chitsulo chinayenderera.

Lembani kulemera ndi kukula kwake, jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete nyali ili chapambali, ndipo muliike m'kathumba kosungira makobidi kopanda pulasitiki ya PVC, yomwe imasiya ndere zobiriwira pa chitsulo pakapita nthawi. Lomwe lapambana mayeso onsewa ndipo ndi la mtundu wosowa mungalitumize ku makampani otsimikizira makobidi monga PCGS, NGC kapena ANACS, omwe amaliunika n'kulitsekera m'kabokosi kolembedwa dzina la cholakwikacho. Ntchitoyi ndi yolipira, choncho ming'alu ing'onoing'ono, zilembo zotsekeka ndi girisi ndi kusendera pang'ono siziyenera ulendo umenewu. Makobidi ngati senti ya mkuwa ya 1943, doubled die ya 1955 kapena mule aliyense ndiwo ofunika kutumiza, chifukwa abodza ake ndi ochuluka mwakuti wogula wozindikira sangalandire limodzi lopanda chitsimikizo.